Ziweto, zoluka ndi kujambula ndi pastel pakhomo la kumudzi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene ali ndi malo kumudzi, komanso amene akuganiza zobwerera kwawo atatopa ndi moyo wa lendi. Ambiri amafuna kuti pakhomo pakhale ziweto, pakhale ntchito zamanja, ndiponso pakhale kena kosangalatsa maso, monga kujambula zithunzi pamanja ndi pastel, timitanda ta utoto tonga choko. Ndayankha monga mmene ndimazionera. Pa nkhani za matenda, mverani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, chifukwa iye akhoza kubwera kudzachiona chiwetocho ndi maso.

Kodi ziweto, kuluka ndi kujambula zikugwirizana pati?

Zimakumana pa kayendedwe ka chaka. Kuyambira Novembala mpaka Epulo manja amakhala kumunda, mbuzi zili pachingwe, ndipo palibe amene angakhale pakhonde tsiku lonse n'kumaluka. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, mbuzi zimamasulidwa, nthawi imapezeka, mlaza ndi khonje zimauma bwino padzuwa. Imeneyo ndiyo nyengo ya ntchito zamanja. Chingwe chimene mwapota mu Julayi ndicho chidzamange mbuzi mu Disembala, ndipo dengu limene mwaluka ndilo mudzatutire manyowa a mbuzi zomwezo kupita kudimba.

Koma mgwirizano umene ndimaukonda kwambiri ndi wa diso. Munthu amene wakhala pansi kujambula mbuzi yake amaidziwa kuposa amene amangotsekula khola m'mawa n'kukatseka madzulo. Amadziwa mmene imagwirira khutu ikakhala bwino, mmene ubweya wake umawalira, mmene mimba imaimira ikakhuta. Tsiku limene ubweyawo waima, kapena nsana wapindika pang'ono, iye amaona msanga matenda asanakule. Ndiye kujambula pakhomo la ziweto sindikutenga ngati masewera ongotayitsa nthawi.

Ndili ndi ndalama zochepa. Ndiyambe ndi chiweto chanji?

Yambani ndi nkhuku zachikuda. Zimadzifunira chakudya chambiri zokha, zimafungatira zokha, ndipo pa masiku 21 anapiye amakhala aswa. Misoti ingapo ndi tambala mmodzi n'zokwanira poyambira. Ena amafuna nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Izi zimakula thupi ndipo zimaikira mazira ambiri, koma zimafuna chakudya chowonjezera ndi chisamaliro kuposa zachikuda. Njira yabwino ndi kuika tambala wa Mikolongwe pakati pa misoti yachikuda.

Akalulu amabwera pachiwiri kwa amene ali ndi malo ochepa. Bere lawo ndi la masiku pafupifupi 31, sadya chimanga cha banja, ndipo ana asukulu amatha kuwasamalira. Mbuzi zibwere pamene mwamanga khola ndipo mwadziwa kale kumene chakudya cha mu Okutobala chidzachokere. Nkhumba zimapindula msanga, inde, bere lake ndi masiku 114 ndipo zimaswa ana ambiri, koma chigodola chikalowa m'mudzi chimatha kusesa khola lonse, ndipo chilibe mankhwala. Munthu woyamba kumene asaike ndalama zake zonse pamenepo.

Chaka chilichonse nkhuku zanga zimatha ndi chitopa. Nditani?

Katemera, ndipo pa nthawi yake. Katemera wa I-2 amadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, katatu pachaka, miyezi 4 iliyonse. Ubwino wake ndi woti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, motero amafika kumudzi kumene kulibe firiji, bola atakulungidwa m'kansalu konyowa n'kusungidwa pamthunzi. Vuto limene ndimaliona ndi loti anthu amathamangira katemera nkhuku zitayamba kale kuwodzera ndi kupinda makosi. Pamenepo mwachedwa. Katemera amateteza nkhuku yathanzi, sachiza yodwala.

Chitopa chimavuta kwambiri nyengo yotentha, choncho nkhuku zikhale zitalandira katemera chilimwe chisanafike. Gwirizanani ndi anzanu oyandikana nawo nyumba kuti mutemere tsiku limodzi, popeza nkhuku za m'mudzi zimadyera pamodzi. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi achibale ikhale payokha milungu iwiri isanasakanikirane ndi zinzake. Yakufa yokha muikwirire mozama kapena muiwotche, musaitaye kudzala kumene agalu akaikoke.

Khola labwino la mbuzi ndi lotani?

La m'mwamba. Pansi pake pakwezeke pafupifupi mita imodzi kuchokera padothi, mitengo yoyala ikhale ndi mipata yolowa chala, kuti ndowe ndi mkodzo zizigwera pansi koma mwendo wa kamwana ka mbuzi usamalowe. Denga lisadonthe, ndipo mbali imene kumachokera mphepo ya mwera itchingidwe. Mbuzi imapirira njala ndi dzuwa, koma chinyezi ndi matope zimaigwetsa: ziboda zimaola, chibayo chimaigwira, njoka za m'mimba zimachuluka.

Phindu lina la khola lotere ndi manyowa. Amaunjikana pansi ouma bwino, osapondedwapondedwa, ndipo mumangowakokera ndi khasu. Chitseko chikhale cholimba chifukwa cha afisi ndi akuba.

Ndingadziwe bwanji kuti mbuzi ili ndi njoka za m'mimba?

Tsitsani chikope cha m'munsi ndi chala, muone mkati mwake. Mukakhala mofiira bwino, magazi alimo. Mukatuwa kapena kuyera, njoka zayamwa magazi ndipo mbuziyo ikufunika mankhwala mwamsanga. Chizindikiro china ndi kutupa kofewa kunsi kwa chibwano, ubweya woima, ndi kuonda ngakhale ikudya. Izi zimachuluka m'dzinja, makamaka mbuzi ikamamangidwa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Sinthani malo omangirira, ndipo dikirani mame aume musanazitulutse. Mlingo wa mankhwala umatengera kulemera kwa chiweto. Kupereka wochepa pofuna kusunga ndalama kumangolimbitsa njokazo.

Nanga chakudya chikasowa m'chilimwe?

Chakudya cha chilimwe chimakonzedwa nthawi yokolola. Masangwi a mtedza, makoko a nandolo ndi soya, mapesi, zonsezi musawotche ndipo musazisiye padzuwa mpaka zitayera. Zimangeni m'mitolo muziike pathandala pamthunzi. Masangwi osungidwa akadali obiriwira pang'ono ndi chakudya chabwino kwambiri cha mbuzi ndi akalulu. Amene ali ndi mitengo ya msangu m'munda atole zipatso zake zikamagwa, mbuzi zimazikonda ndipo zimanenepa nazo.

Dzalani nsenjere m'mphepete mwa dimba, gliricidia ndi lukina m'malire a munda. Masamba a lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kufooketsa chiweto. Kwa akalulu achepe kuposa pamenepo. Madeya ndi kamchere pang'ono zimathandiza mbuzi yoyamwitsa. Madzi tsiku lililonse. Mawu oti mbuzi simwa madzi ndi amene amaumitsa mkaka wa mbuzi zambiri.

Ndigule tonde wa Boer kuti mbuzi zanga zikule?

Mbuzi za Boer zinachokera ku South Africa, n'zoyera thupi, zofiirira mutu, ndipo zili ndi nyama yambiri. Ana obadwa kwa tonde wa Boer ndi mbuzi yachikuda amakuladi msanga. Koma thupi lalikulu limafuna chakudya chambiri, ndipo mbuzi zimenezi sizipirira nkhupakupa ndi njoka monga zathu. Ngati chakudya cha chilimwe chikukuvutani kale, tonde wodula sakuthandizani.

Chimene chimachepetsa mbuzi m'makola ambiri ndi chibale. Tonde mmodzi amakwera ana ake ndi adzukulu ake zaka ndi zaka, ana n'kumabadwa aang'ono ndi ofooka. Sinthanani atonde ndi a mudzi wina pakatha chaka kapena ziwiri, ndipo thenani atonde osafunika akadali aang'ono. Msoti usakweredwe usanakhwime thupi. Bere la mbuzi ndi la masiku pafupifupi 150, choncho mukhoza kuwerengera kuti ana abadwe nthawi imene msipu ulipo. Kamwana kakabadwa kayamwe mkaka woyamba uja wachikasu tsiku lomwelo.

Ndikufuna kuweta nkhosa kuti ndizimeta ubweya wolukira. N'zotheka kuno?

Funso ili limabwera kwambiri kuchokera kwa amene aonera makanema a pa intaneti a alimi a ku Ulaya ndi ku America. Nkhosa zathu zachikuda zili ndi ubweya waufupi, wokhakhala, wosapoteka ulusi. Za Dorper nazonso ndi za nyama. Ubweya wolukira majuzi umachokera ku nkhosa monga Merino, zimene zimawetedwa kwambiri ku Australia, South Africa ndi Lesotho. Palinso mbuzi za Angora zimene zimapereka ubweya wonyezimira wotchedwa mohair. Dziko la South Africa ndilo limatulutsa wambiri padziko lonse, makamaka kudera louma la Karoo, ndipo Lesotho imabwera pambuyo pake.

Ziweto zimenezi zimakonda malo ouma kapena ozizira a m'mapiri. Kumalo otentha ndi achinyezi ubweya wautali umasunga madzi, mphutsi zimalowa, njere za udzu zimakola mpaka ubweyawo umakhala wosagulitsika. Ine ndinganene kuti musavutike nazo. Wetani nkhosa chifukwa cha nyama ndi manyowa, ulusi muufune kwina, ndipo kwinako sikutali.

Ndiye ulusi ndi zolukira zichokera kuti?

Zatizungulira. Thonje limalimidwa ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi madera ena otentha, ndipo si lachilendo kuno. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Nsalu za m'mafakitale zitabwera zotsika mtengo, luso limeneli linazilala, koma mbewu ndi manja zikadalipo.

Khonje ambiri amalidzala ngati mpanda chabe, chonsecho m'masamba akewo muli chingwe cholimba. Dulani masamba a m'munsi okhwima, chotsani minga, palani ndi mpeni wobuntha pathabwa mpaka patsale ulusi woyera, tsukani, yanikani. Madzi ake amayabwa kwambiri, ndiye valani zamanja zazitali kapena dzolani mafuta. Ulusi wouma umapotedwa pantchafu, tingwe tiwiri nthawi imodzi, ndipo umapanga zingwe, zikwama ndi zopondera pakhomo.

Mlaza umapezeka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, ndipo ndiwo wa mikeka, zipewa ndi madengu. Bango ndi la mphasa, nsungwi ndi za malichero. Makungwa ouma a nthochi, amene ambiri amangowasiya aole, amalukika bwino akawazidwa madzi, ndipo ali ndi mitundu yawoyawo kuyambira yotuwa mpaka yoderako. Makolo ankasula nyanda kuchokera ku khungwa la mombo, ndipo luzi timamangira mpaka lero, koma apa pafunika kusamala: mtengo wosendedwa kuzungulira thunthu lonse umauma. Chimodzimodzi mlaza. Wodula nsonga zonse zanthete pa tsinde limodzi amapha tsindelo. Tengani imodzi, zina musiye.

Kwa oluka majuzi, zipewa za ana ndi mashawelo, ulusi wa m'sitolo ndi wokwera mtengo. Amayi ambiri amagula juzi lalikulu pa kaunjika n'kulimasula. Posankha, litembenuzeni muone msoko. Ngati zigawo zake zinalumikizidwa ndi ulusi umodzi, lidzamasuka lonse bwinobwino. Ngati m'mphepete munadulidwa ndi kusokedwa ndi makina, mudzangopeza tizidutswa tatifupitifupi. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Ukulungeni pa miyendo ya mpando, muunyike m'madzi ofunda, muupachike pamthunzi, uwongoka.

Kupota thonje pamanja kumayenda bwanji?

Chotsani njere ndi zala, kenaka lifutukuleni thonjelo mpaka lipepuke, popanda timibulu. Chopotera ndi kamtengo kowongoka, kotalika pang'ono kuposa chikhatho, kokhala ndi kambulunga ka dongo kapena ka mtengo cha kumunsi kuti kazizungulira nthawi yaitali. Ulusi wa thonje ndi waufupi kwambiri, masentimita awiri kapena atatu okha, choncho chopotera cholemera chimaudula. Chikhale chopepuka, ndipo nsonga yake izizungulira m'kambale kapena m'chigoba, osati kulendewera m'malere. Dzanja limodzi limazunguza, linalo limakoka thonje pang'onopang'ono, ndipo kupotana kumakwera kokha kulowa m'thonjemo.

Ulusi woyamba udzakhala wonenepa apa, woonda apo, ndipo uziduka. Ukaduka ndiye kuti mwakoka musanapote mokwanira. Ukamadzipinda wokha timfundo ndiye kuti mwapota mopitirira. Mukadzaza zopotera ziwiri, phatikizani ulusi wake pozunguza mobwerera kumbuyo, kenaka muuwiritse m'madzi a sopo kuti ukhazikike ndi kuchotsa mafuta a chilengedwe amene amakaniza utoto.

Chenjezo kwa oweta: thonje limapoperedwa mankhwala ambiri, ziweto zisalowe m'munda wake. Njere za thonje zili ndi poizoni amene amavulaza nkhumba, nkhuku, akalulu ndi ana a mbuzi. Ndipo mukakolola zulani mitengo yake ndi kuiwotcha monga amalangizira a zaulimi, kuti mbozi zisagonere chaka chamawa.

Utoto wonyikira ndingapange ndekha?

Inde, ngakhale mitundu yake imakhala yofatsa. Makoko ouma a anyezi amapereka chikasu chopita kofiirira. Njere za mapeyala zoduladula ndi kuwiritsa pamoto wochepa zimapereka kufiira kotuwa. Makungwa ndi masamba a bulugamu amapereka mitundu yoderako. Mukanyika ulusi m'madzi a makungwa kenaka m'madzi amene munagona misomali yadzimbiri, umada mpaka kufika potuwa kwambiri kapena pakuda. Oluka mlaza ena amaukwirira m'matope akuda a kudambo pa chifukwa chomwechi.

Thonje ndi khonje zimavuta kugwira utoto kuposa ubweya wa nkhosa. Zichapeni bwino kaye, zinyikeni m'madzi a makungwa, ndipo ngati mungapeze alamu, mankhwala onga mchere othandiza utoto kugwira, mugwiritse ntchito, utoto sutuluka msanga. Mphika wa utoto usabwererenso kukhitchini, ndipo madzi otsala musatayire kumene abakha ndi nkhuku zimamwa.

Kodi pastel n'chiyani kwenikweni? Si choko cha kusukulu?

Maonekedwe ndi ofanana, koma mkati n'zosiyana. Choko cha pabolodi ndi choyera chopakidwa kautoto pang'ono. Pastel ndi ufa weniweni wa utoto, womwewo umene amapangira penti wa akatswiri, woumbidwa ndi kautomoni kochepa kwambiri kuti ugwirane. N'chifukwa chake mtundu wake umawala kwambiri papepala, ndipo sufuna madzi, burashi, kapena kudikira kuti uume. Kwa munthu wa pamudzi amene angaitanidwe nthawi iliyonse kuti mbuzi zalowa m'dimba la eni, ubwino wake ndi umenewu: umangoika pansi n'kuthamanga, pobwera n'kupitiriza.

Pali yofewa, imene imathira mtundu wambiri koma imafumbutuka. Pali yolimba, yabwino pojambula mizere. Pali ya m'mapensulo, ya tinthu ting'onoting'ono monga diso. Palinso ya mafuta, imene inayamba ku Japan m'zaka za m'ma 1920 ndi kampani ya Sakura. Iyi ndi imene imapezeka kwambiri m'masitolo a zipangizo za sukulu. Siituluka fumbi, koma siisakanizika mofewa ngati mitundu itatu youma ija, ndipo ziwirizi sizigwirizana pa chithunzi chimodzi.

Luso la pastel youma linatchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700, ndipo mmodzi mwa amene analikweza anali mayi wa ku Venice, Rosalba Carriera, wojambula nkhope za anthu. Edgar Degas wa ku France ankajambula ovina ndi akavalo. Koma amene ndimalimbikitsa anthu a ziweto kuti amufufuze ndi Jean-François Millet, mwana wa alimi, amene ankakhala m'mudzi wa Barbizon. M'zaka za m'ma 1860 anajambula ndi pastel abusa, nkhosa, amayi odyetsa nkhuku ndi anthu ali kumunda. Sanawakongoletse. Anawajambula atatopa, atawerama, monga mmene ntchitoyo ilili.

Ndijambule papepala lanji?

Lokhakhala. Pepala losalala la m'kope kapena la kompyuta siligwira ufa, umangotsetsereka. Pophunzira, pepala la khaki la mkati mwa thumba la simenti kapena la shuga limachita bwino mukalikuntha ndi kuliwongola, ndipo mtundu wakewo umakhala kale ngati dothi la pabwalo, motero mbuzi yoyera imaonekera msanga. Vuto lake limafiira ndi kuphwanyika pakapita zaka, ndiye chithunzi chogulitsa musajambulepo.

Sandipepa wosalala kwambiri wa ku hadiweya, wa nambala 400 kapena 600, amagwira ufa wambiri zedi, ngakhale amadya choko msanga. Mukhozanso kupaka katoni yolimba ndi penti wa madzi wosakaniza ndi mchenga wosefa bwino pansalu. Ikauma imakhala yokhakhala mokwanira.

Pastel ndi yodula ndipo kwathu sapezeka. Ndingaumbe yanga?

Mungathe, ndipo apa ndi pamene ndimafuna anthu ambiri atayesa. Kujambula ndi dothi si nzeru yobwera. Kumapiri a Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira zimene anasiya Akafula ndi zoyera zimene anajambula Achewa, ndipo UNESCO inawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Mpaka lero amayi akamazira nyumba amadziwa kumene kuli dothi lofiira, lachikasu, loyera ndi lakuda, ndipo amakongoletsa nalo makoma. Afunseni iwowo, akulozerani.

Tengani dothilo, muliumitse, mulisinje. Lithireni m'chidebe cha madzi, vundulani, dikirani kamphindi kuti mchenga ukhale pansi, ndipo tsanulirani madzi amtunduwo m'chidebe china. Asiyeni usiku wonse. M'mawa mudzapeza madzi oyera pamwamba ndi phala losalala pansi. Phala limenelo ndilo utoto wanu. Sungunulani utomoni wa mtengo wa mthethe pang'ono m'madzi ambiri, ndipo muzidonthezera pa utotowo uku mukukanya mpaka ulimbe ngati nsima ya dzulo. Umbani timitanda tonga chala, muyanike pamthunzi masiku angapo. Padzuwa timang'aluka.

Chinsinsi chili pa utomoni. Ukachuluka, choko chimauma gwa, chimangokanda pepala osasiya mtundu. Ukachepa, chimafumbutuka m'manja. Dothi lina la dongo limagwirana lokha popanda utomoni n'komwe. Choncho umbani kamodzi kaye, kaume, mukayese. Kuti mupeze mitundu yowala, sakanizani ndi dothi loyera kapena choko chosinja, mlingo wosiyanasiyana. Dothi lachikasu mukalikazinga paphale limasanduka lofiira. Makala a mtengo wofewa osinja bwino amapereka chakuda. Chimene dothi silingakupatseni ndi mtundu wa thambo ndi wobiriwira wowala. Timitanda timeneti mugule tiwiri kapena titatu, zina zonse za mbuzi, nkhuku, khola ndi bwalo zili pansi pa mapazi anu.

Chiweto sichikhazikika. Ndichijambula bwanji?

Sankhani nthawi. Mbuzi ikagona masana n'kumabzikula imakhala malo amodzi nthawi yaitali. Nkhuku yofungatira siisuntha. Kalulu akakhuta amadzitambasula. Khalani chapatali pang'ono, pamthunzi, mpaka ziweto zikuiwaleni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musayambe ndi diso kapena nyanga. Yambani ndi thupi lonse, pogwiritsa ntchito mbali ya choko osati nsonga: mimba, chifuwa, kumene khosi lalowera, mzere wa nsana. Chiweto chikasuntha musafufute, yambani china pambali pa pepala lomwelo, chidzabwereranso mmene chinalili. Ikani mitundu yakuda poyamba, mopepuka, yowala ibwere pamwamba, ndipo kuwala kwenikweni, kwa pamphuno kapena pansonga ya nyanga, kukhale komalizira. Mukayamba ndi choyera chithunzi chonse chimachita mbuu.

Yang'anani mtundu umene ulipodi, osati umene mukuudziwa m'mutu. Mbuzi yakuda ili padzuwa siikhala yakuda thupi lonse: pamsana pamaoneka mtundu wa thambo, kumimba kumabwerera kufiira kwa dothi. Nkhuku yoyera ili ndi mthunzi wotuwa kunsi kwa phiko ndi kachikasu pachifuwa. Mwana wa diso la mbuzi ndi wopingasa, si wozungulira. Mwendo wakumbuyo ndi umene umagwetsa ambiri, chifukwa mfundo imene imaloza kumbuyo ija si bondo, ndi chidendene. Bondo lili m'mwamba pafupi ndi mimba. Mukadzapha mbuzi pa chikondwerero, tengani nthawi muone mmene mafupawo alumikizirana.

Kutikita ndi chala kuchepe. Kumafewetsa thambo ndi zakutali, koma ubweya ndi nthenga zimafuna mizere yooneka, yotsata kumene ubweyawo wagonera. Kujambula kuchokera pa chithunzi cha pafoni n'kololedwa, makamaka anapiye, koma foni imadetsa mithunzi ndi kukulitsa mutu wa chiweto chimene chayandikira. Muzichita zonse ziwiri.

Fumbi lake silivulaza? Nanga chithunzi ndichisunga bwanji?

Musamauzire fumbi ndi pakamwa, chifukwa limabwerera m'mphuno. Imikani thabwa lanu mowerama pang'ono kuti ufa uzigwera pansi, kapena tulukani panja mukaligogode kumbuyo. Mitundu ina yogula imakhala ndi zitsulo monga cadmium ndi cobalt, choncho sambani m'manja musanadye, musanakame, ndiponso musanagwire chakudya cha ziweto. Amene ali ndi mphumu agwirire ntchito pakhonde, kapena asankhe pastel ya mafuta.

Chithunzi cha pastel youma sichilimba konse, chala chikakhudza chimafufutika ngakhale patapita zaka. Pali mankhwala opopera ogwiritsa ufawo, koma amadetsa mitundu, ndiye popereni pang'ono, muli chapatali, panja. Ena amapopera mankhwala a tsitsi. Pa zophunzirira palibe vuto, koma pakapita nthawi amachititsa chikasu. Posunga, ikani pepala losalala pamwamba pa chithunzi chilichonse, muzigoneke pakati pa makatoni awiri omangidwa kuti zisasunthe. Poika m'felemu pakhale kampata pakati pa galasi ndi chithunzi. Musachipachike m'nyumba yophikira kapena pakhoma lonyowa, ndipo m'dzinja muzisuzumira kumbuyo kwake chifukwa cha chiswe ndi nkhungu. Adani omwewa, pamodzi ndi makoswe ndi njenjete, ndi amene amaononga mikeka ndi ulusi. Zoluka zisungidwe pamwamba, zouma, ndipo muzizitulutsa padzuwa nthawi ndi nthawi.

Mbuzi zimandidyera zipangizo. Pali njira?

Njira ndi chitseko basi. Mbuzi imalawa chilichonse: pepala, mlaza woyanika, ulusi. Pepala silingaiphe, koma ulusi wa m'sitolo, tizingwe ta matumba ndi majumbo sizigayika. Zimaunjikana m'mimba, mbuzi n'kumaonda mimba ili tuu, mpaka kufa. Nkhuku nazo zimakodwa tiulusi m'miyendo mpaka chala kuduka. Khalani ndi kachitini kotayamo tizidutswa pamene mukulukira, ndipo mlaza muziyanika padenga kapena pathandala lalitali.

Kodi zimenezi zimabweretsa ndalama?

Ziweto ndizo zimabweretsa ndalama yodalirika, chifukwa msika wake ulipo nthawi zonse, ndipo mitengo imakwera nyengo ya Khirisimasi, Eid, maukwati ndi ziliza. Zoluka zimagulidwa, koma oluka ambiri amadzibera okha. Amawerengera mtengo wa mlaza ndi utoto, masiku amene akhala pamkeka osawerengera. Lembani maola, ndipo musachite manyazi kutchula mtengo wogwirizana nawo. Kugulitsa monga gulu kumathandiza kukana mavenda ogula motchipa. Zinthu zing'onozing'ono zomalizidwa bwino, monga tizikwama ta khonje ndi toikapo mbale, nthawi zambiri zimapindula kuposa mkeka waukulu.

Zithunzi ndizo zimayenda pang'onopang'ono. Ogula ake ndi alendo, malo ogona alendo, ndi abale a kunja amene amafuna chithunzi cha kwawo. Amene akufuna kuona mmene luso la kumudzi lingakulire apite ku Mua, ku Kungoni, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, akaone zosema ndi zojambula za kumeneko. Koma musagulitse mbuzi kuti mugule mabokosi a pastel poyembekeza kuti zithunzi zibweza ndalamayo chaka chomwecho.

Ndili ku Johannesburg, ndimatumiza ndalama kuti achibale andiwetere. Bwanji ziweto sizichuluka?

Kawirikawiri ndalama imapita pogula ziweto, osati pa khola, katemera ndi chakudya, ndipo wosamalirayo sapindulapo kanthu. Munthu amene akudzuka m'mawa kukamweta nsenjere za mbuzi za wina amafunika gawo lake lodziwika. Gwirizanani poyera, pamaso pa akuluakulu a banja, kuti mwa ana obadwa angati ndi ake, manyowa ndi a ndani, ndipo chiweto chikadwala aimbire ndani. Tumizani ndalama ya khola poyamba, ziweto pambuyo. Ya katemera wa nkhuku ndi mankhwala a njoka ikhale yapadera, yotumizidwa pa nthawi yake. Pemphani zithunzi pa WhatsApp mwezi uliwonse, chiweto chilichonse pachokha, chojambulidwa cha m'mbali masana, kuti muzitha kuona nthiti ndi ubweya. Ndipo yambani ndi zochepa zimene munthu mmodzi angazikwanitse pamodzi ndi ntchito yake ya kumunda.